Simenti itandilanda ntchito

Abusa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, mtendere ukhale nanu. Ndikufuna kuchitira umboni. Mundilole ndigwire benchi iyi, mawondo anga sandimveranso.

Akuluakulu mukudziwa kuti tchalitchi chino ndinkazira ndine. Loweruka lililonse dothi lakuda kuchokera kudambo, pamutu, kenako chogwada kuyambira kuguwa mpaka pakhomo. Ndinayamba ndili ndi mwana kumbuyo, mwanayo lero ali ndi ake. Wina akati pansi pasalala bwanji, ine kumtima mbee.

Ndiye anyamata athu atabwerako ku Halale anati zadothi n'zachikale. Anakatenga simenti pasiteshoni ku Balaka pangolo. Munavina nonse tsiku limenelo. Ine sindinavine. Palibe anandinyoza iyayi, koma palibenso anati, mayi, mwagwira ntchito. Loweruka lotsatira ndinadzuka, ndinatenga dengu langa, n'kukumbukira ndili kale panjira kuti kulibe kopita.

Ndinapsa mtima, abale. Pakamwa panga mukupadziwa. Ndinati Mulungu wa simentiyo apembedzedwe ndi eni simenti. Dzinja lonse sindinaponde muno. Abusa, tsiku munabwera kwathu lija, anakuuzani kuti ndili kumunda, koma sindinali kumunda. Ndinali m'nyumba, ndikukumvani. Mundikhululukire. Kupemphera ndinaleka, ngakhale podya. Chikhristu chinkandithera ndikuona, ndipo sindinkadandaula n'komwe.

Kuseri kwa mudzi wathu kuli mayi wina wachisilamu, Abiti Saidi, wosaona. Mwana wake mmodzi yekhayo anakwera sitima kalekale, mpaka lero ndi mtchona. Tsiku lina ndikudutsa ndi nkhuni ndinamuona akukwawa kupita pamtsuko. Ndinafunsa chavuta n'chiyani, iye anangonditambasulira mapazi. Matekenya, abale. Zala zonse. Nditasuzumira m'nyumba, pansi ponse ming'alu ndi fumbi, ndipo amayi mukudziwa kuti matekenya amaswana m'fumbi.

Sindinamve mawu ochokera kumwamba, ndisakunamizeni. Kungoti maso a munthu wozira sapirira pansi potero. Ndinamuchotsa matekenyawo ndi singano, m'mawa mwake ndinalawirira kudambo, ndikung'ung'udza njira yonse.

Ndili pakati pozira ndinamva akulira pakhonde. Ndinayesa ndi mapazi aja. Koma anati, "Iyayi, ndi fungo la dothili. M'nyumba mwanga mwanunkhiranso ngati mukukhala munthu."

Kenaka anafunsa, "Akutumani ndani?"

Abusa sananditume, mpingo sunanditume. Ndili chogwada pomwepo, matope mpaka m'zigongono, ndinazindikira kuti zaka zonse zija ndinkazirira maso anu, kuti mundione. Apa panalibe wondiona, mwini nyumbayo ndi wakhungu. Ndinachita manyazi, abale, manyazi aakulu. Ndinalira, ndipo pemphero linabwera lokha.

Dziko likusintha, ine sindingaliletse. Amuna akuthera kumigodi, atsikana akufuna kutauni, mawa mudzafolera ndi malata, zili bwino. Koma okalamba otsala m'midzimu akugona pafumbi. Pano ndikuzira nyumba zinayi, ndipo za yachisanu anandiuza dzulo.

Musaganize kuti ndapepukidwa. Ndatopa. Msana ukuwawa, kudambo kukunka kutalikira chaka ndi chaka, ndipo Loweruka lina ndimakhala pachitsa panjira n'kumufunsa Ambuye ngati alibe wina. Sanandiyankhebe. Ndimadzuka, n'kusenza.

Ndikuthokoza Mulungu kuti sanandisiye ndife ndi mkwiyo uja, anandibweza muno ndisanalowe m'manda. Zikomo Ambuye Yesu, Inu amene munagwada n'kusambitsa mapazi a anthu. Kondwerani nane, abale, ndabwerera kwathu. Nthungululu ndikanaimba ndekha, koma mpweya wandithera. Amayi, ndiimbireniko.