Malo a Woyang'anira m'Disiku ya Agostinho

Mu Tete monse, kuchokera ku Chimadzi mpaka ku Samora Machel, palibe anakhalapo ulere pamalo a Agostinho, mwamuna amene anatsika kuchokera ku Angónia ndi thumba limodzi la mbatata, nazungulira Beira, Joni ndi Lusaka, lero ali ndi situdiyo yojambula maukwati. Koma tsikulo komputadori yake inakana filimu ya ukwati wa dzulo, eni ake akubwera masana kudzaitenga, choncho anaitana Isménia wokonza makina, amene amamutcha mana, ndiye kuti mlongo.

"Disiku yadzaza," anatero Isménia.

"Yadzaza bwanji, mana? Magiga sinkwenta a malo akusowa apa, makumi asanu athunthu!"

"Sanasowe. Sinko porosento ya disiku, magawo asanu pa zana, imasungidwira woyang'anira."

"Woyang'anira? Amalipira?"

"Salipira."

"Amagona momwemo?"

"Sagona. Amalowa zinthu zikavuta."

"Epa! Amalowa! Podzera pati? Chitseko ndimakhoma ndekha ine!"

"Ali ndi nambala yake yachinsinsi."

Agostinho anasuzumira kuseri kwa komputadori, nabwerako fumbi lili pamphuno.

"Anayamba liti zimenezi?"

"Tsiku lomwe munagula makinawa."

"Mayo ine! Mtulutseni!"

"Satulutsika. Ndikhoza kungochepetsa malo ake. Ndimusiyire pang'ono?"

"Ngakhale popondetsa chidendene ayi! Zero!"

"Disiku ikadzati tho, makina adzauma, iye osapeza poima kuti akonze."

"Aumire limodzi. Zero!"

Isménia analemba kamzere kamodzi, nadina batani. Filimu inayamba kulowa, akwati akumwetulira pagalasi. Agostinho anavina pang'ono, nadziguguda pachifuwa.

"Mwaona? Ku Joni ndinathamangitsa anthu oposa ameneyu. Tsopano dzina lake. Ndikufuna mkazi wake adziwe kuti anakwatiwa ndi nsikidzi."

"Ndiwerenge mokweza?"

"Mokweza! Amve ndi a pamsewu!"

Isménia anakweza mawu: "Patarau Agostinho."

Wogulitsa tomato pakhomo anatembenuka.

"Ndani?" anafunsa Agostinho.

"Inuyo, patarau, bwana wa situdiyo ino. Woyang'anira ndi mwini makina. Munalembetsa nokha pogula."

Agostinho anapukuta fumbi pamphuno, nakonza kolala mwaulemu.

"Ndiye munthu wamkulu choncho mumamupatsa sinko porosento yokha?"

"Pano ali ndi zero. Mwalamula ndinu."

"Mana, tsitsani mawu. Filimu ikangoperekedwa masanawa, mumubwezere magiga ake onse sinkwenta. Muwonjezepo ena sinkwenta omupepesa. Bambo ameneyu watukwanidwa kwambiri muno lero."