Mayi Eneles, Amene Ankatumiza Mabuku m'Mbale

Malemu amene atisonkhanitsa pano, Mayi Eneles Namathanga, anabadwa pa 6 Juni 1909, m'mudzi mommuno, kutsidya lino la Thuchila. Koma mafumu, akulu a mpingo ndi inu nonse anamalira, ndisanalongosole zaka zawo mundilole ndiyambire pa siteshoni ya Luchenza, chaka cha 1931. Ine Danieli, mlongo wawo wamng'ono, ndinali kukwera sitima ya ku Halale. Ndinawauza kuti buku lililonse lonena za akazi, za banja ndi za miyambo ya anthu limene ndikalipeze uko, ndizikawatumizira. Iwo anati chabwino, adzawerenga onse, ndipo tsiku limene ndidzabwere adzandikhazika pakhonde nkundiuza, buku ndi buku, limene lanena zoona za akazi ndi limene lanama. Anati m'kalata sadzalembamo zimenezo. Wofuna kumva abwere yekha ndi makutu ake. Limenelo ndilo lonjezo limene anandipatsa, sitima ikulira.

Makolo athu, Bambo Isake ndi Mayi Agatha, anaoloka Muloza kuchokera kwa Apwitikizi atasenza mphasa ndi mbewu ya nandolo, kuthawa ntchito ya zikoti. M'nyumba tinkayankhula Chilomwe, panja Chinyanja, kuopa kutchedwa maina. Bambo ankacheka matabwa a mkungudza kuphiri, pa Chambe, ndipo ankatsika kamodzikamodzi, thupi lonse likununkhira mtengowo.

Mu 1918 malemu anayamba sukulu ya mishoni. Anafika Sitandade 3, mtsikana yekhayekha pakati pa anyamata, ndipo ndi iwo amene anandiphunzitsa zilembo, akulemba ndi chala padothi kuseri kwa nkhokwe. Mu 1923 anatha msinkhu, anavinidwa, sukulu nkuthera pomwepo. Mphunzitsi anabwera kudzadandaula, koma amalume anati mtsikana wodziwa kulemba amangolembera anyamata makalata. Sileti lawo anapatsa ine. Choncho amene anali ndi mutu anatsala pamtondo, amene ankakopera kwa iwo ndiye anakaona Halale.

Mu 1927 anakwatiwa ndi Bambo Jailos Mukhova, amene ankasenza matabwa kutsika nawo Chambe, ndipo anadzamanga pano monga mkamwini. Mulungu anawapatsa ana anayi. Atatu tiwapeza kumanda kumene tikupitaku. Watsala Morris yekha. Chabwino chimodzi chimene a Jailos anachita ndichinene pamaso pawo: anakhomera akazi awo bokosi la mkungudza, mtengo umene chiswe chimaulambalala, kuti azisungamo mabuku. Bokosilo ndi ilo lili pakhondelo.

Ine kunjako ndinapeza ntchito yokulunga katundu m'sitolo ya mabuku, poyamba ku Halale, kenako ku Joni. Amene anang'ambika chikuto, osagulika, ndinkayamba ndawerenga ine, nkutumiza kuno. A Chinyanja anali ochepa. Ambiri anali a Chingerezi. Malemu, ndi Sitandade 3 yawoyo, analimbana nawo masana anzawo akupuma, buku lomasulira mawu lili pambali, mpaka Chingerezi chinagonja. Makalata awo ankanena za mvula, za nandolo, za amene wamwalira. Za buku ankalemba mawu amodzi basi: lafika.

Ntchito zawo mukuzidziwa. Analima, anathyola tiyi ku esiteti nthawi ya dzinja, anali wa Mvano kuyambira 1940. Koma ntchito imene iwo ankaiyesa yawoyawo inali ina, ndipo amayi ambiri muli pano inakufikani pakhomo.

Kuno kwathu, mnzako akadwala, akabereka kapena akaferedwa, umamutumizira chakudya m'mbale yovundikira. Malemu anatenga mwambo womwewo, koma m'mbale mwawo munkakhala buku. Sankatumiza chisawawa. Ankayamba amuona munthu, nkulingalira vuto lake, nkutsegula bokosi lija. Kwa mtsikana wolowa kumene m'banja ankatumiza kabuku ka Chinyanja ka malangizo a ukwati, ndi uthenga wakuti awerenge theka loyamba, lachiwirilo analemba ndi mwamuna amene sanatungepo madzi. Kwa mayi amene amuna ake anatchona ku migodi ankatumiza mbiri ya mkazi wa m'dziko lozizira, amene ankadikira mwamuna wa panyanja nalera ana yekha. Kwa namfedwa, buku la maliro a mitundu ina, kuti aone kuti kumeta ndi kusudzula si zathu zokha. Buku likakhala la Chingerezi, uthenga unkati dikirani, ndibwera ndidzakumasulireni, tikambirane.

Tsono mwambo wathu uli ndi mbali yachiwiri: mbale ya mnzako subweza yopanda kanthu, ndipo suigoneka masiku. Amayi inu munachita monga munaleredwera. Mawa lake mbale inkabwerera, muli nandolo, kapena mazira, kapena chinanazi, buku litakulungidwa bwinobwino m'tsamba la nthochi, ndi mawu akuti zikomo kwambiri, tathandizika. Mbale ikabwerera ndiye kuti nkhani yatha; munthu sungapitenso kukafunsa ngati chakudya chinakoma. Malemu ankatsegula bukulo nkupeza kaudzu kamene anaika pa tsamba loyamba kali pomwepo. Musaweramitse mitu, amayi. Ambiri a inu sukulu munangoiona ndi maso, ndipo ulemu sunakuloleni kunena kuti sitidziwa kuwerenga. Iwonso ulemu womwewo sunawalole kufunsa. Munakhala mukupatsana ulemu zaka ndi zaka, malemu akudya nandolo wanu okhaokha, nkhani zili phwamwamwa m'kamwa, wozimva palibe.

Mmodzi yekha anabweza mbale yopanda kanthu, buku nkutsala nalo: Rosie, mwana wa mphunzitsi. Anabwera patapita sabata, osaodira nkomwe, nati mkazi wa m'bukumo ndi chitsiru, akanamusiya kalekale mwamunayo. Malemu anati khala pansi mwana iwe, sunadikirepo munthu. Anakangana mpaka nkhuku kulowa. Amene munali pafupi mwandiuza kuti simunawamvepo malemu akuseka monga ankasekera chaka chimenecho. Mu 1947 Rosie anakwatiwa ndi wapolisi, nasamukira ku Zomba. Malemu anamuperekeza mpaka pamsewu, nabwerera kudzatseka bokosi.

Mu 1949 kunagwa njala imene sindiyenera kukufotokozerani ine amene ndinaimva m'nyuzipepala. A Jailos anati akupita kwawo ku Milanje kukasuma, abwera ndi chinangwa. Chinangwacho malemu anachidikira zaka zisanu ndi zitatu. Lero a Jailos ali nafe, akhala patsinde pa mango apo, ndipo tawalandira. Njala itatha, Morris naye anakwera sitima ya ku migodi ya ku Kitwe. M'nyumba munatsala malemu ndi bokosi.

Mu 1951 kunachitika chimene chinatseka mbale zija. Mayi Estele, oyandikana nawo nyumba, anali atakhala m'banja nthawi yaitali opanda mphatso, ndipo abale a mwamuna anali atayamba kuyankhula. Malemu anawatumizira buku la chikuto chobiriwira, ndi mawu akuti ili likuthandizani. A Estele anandiuza okha, ndipo andilola kunena: anamva mawuwo monga timamvera kwa sing'anga. Analiika kunsi kwa mphasa, nagonera. Chaka chisanathe anabereka mwana wamwamuna, uyo ali pamiyendo pawoyo. Mbiri inawanda mpaka ku Thuchila kumsika kuti Anamabuku, monga anthu ankawatchulira malemu, ali ndi buku lobereketsa. Amayi anayamba kubwera, ena ochokera kutali, atanyamula nkhuku. Malemu poyamba anakondwa, kuyesa kuti tsopano owerenga apezeka. Anayala mphasa, natsegula tsamba loyamba. Alendowo anati pepani mayi, kuwerengako kusakuvuteni, tingobwereka usiku umodzi.

Buku limenelo ndinatumiza ndine, ndipo ndinaliwerenga kawiri. Limanena za mkazi amene sanabereke, amene anakana kudziyesa munthu wotayika, nakalamba akulemekezedwa. Ndicho chimene malemu ankafuna a Estele amve.

Mu Febuluwale 1952 akulu a mpingo anawaitana kuti ayankhe mlandu wosunga mankhwala. Iwo anasenza bokosi lonse pamutu, nalitula pamaso pa bwalo, nati mankhwala ake ndi amenewa, akulu asankhe limodzi awerenge, akapeza muzu kapena nyanga awadule mu mpingo. Akuluwo anatembenuzatembenuza mabuku, wina atagwira lake chadodolido, nagamula kuti mlandu palibe, koma pofuna mtendere wa mpingo mabuku asamayendenso m'makomo. Ena amene munagamula muli pano, ndipo mwayimba bwino usiku wonse. Malemu anamvera. Kuyambira tsiku limenelo mbale yawo inkatuluka ndi chakudya chokha, monga mbale ya munthu wina aliyense.

Zaka zotsatira ankawerenga okha pakhonde paja. Odutsa ankawamva akuyankhula, nthawi zina mokalipa, ndipo ana ankati agogo aja ayamba misala. Sinali misala. Ankatsutsana ndi olemba mabuku, poti ndiwo okha amene anatsala. Kalata yawo yotsiriza inanena za nandolo, kenako pansi penipeni anawonjezera kuti, achimwene, zokuuzani zachuluka, mutu wanga si bokosi la mkungudza, chiswe chilowamo.

Pa 20 Ogasiti chaka chino cha 1957 anagwa m'munda akuthyola nandolo. A Estele ndiwo anawapeza. Ku chipatala anati mtsempha wa m'mutu waphulika. Mbali ya kumanja inafa, ndipo lilime linagwidwa. Anawabweza kunyumba. Lamya inandipeza ku Joni, ndipo ndinafika mu Okutobala. Za kutchona kwanga mwanena kale zokwanira kumbali, sindiwonjezerapo. Ndinapeza mudzi umene sindinaudziwe: nkhalango imene tinkatcheramo mbewa ndi tiyi yekhayekha, ana sadziwa kulonjera m'Chilomwe, ndipo mnyamata wina anandifunsa ngati ndikufuna kwa yani, ndili pabwalo pamene ndinabadwira. Phiri lokha ndilo linandizindikira.

Malemu anandizindikiranso. Tinawatulutsa pakhonde, pamalo pomwe ananena. Ndinatsegula bokosi, nkumatulutsa buku limodzilimodzi, kuwaonetsa, kuwafunsa kuti nanga ili, achemwali, linanena zoona? Ankaliyang'ana nthawi yaitali. Pena ankandifinya dzanja ndi dzanja lawo lamanzere. Ndinayesa kuti kufinyako ndiko kuvomera, mpaka ndinaona kuti akufinyanso pa buku limene ndikudziwa kuti sakanalivomera. A Estele anati akatero ndiye kuti akufuna madzi. Tinawapatsa madzi, anamwa. Anatisiya dzulo, Lachinayi pa 14 Novembala, dzuwa litapendeka, ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu.

Abale ena apempha kuti mabukuwa apite nawo kumanda pamodzi ndi mbale ndi chikho chawo. Monga mwini mbumba ndakana. Bokosi likhala pakhondepo chitsegukire. Atsikana amene muli pasukulu tsopano, tengani. Wolowa m'banja ayambe ndi kabuku ka Chinyanja kaja, theka loyamba. Amene amuna anu ali ku migodi, la mkazi wa m'dziko lozizira lili pamwamba. Lobiriwira lija ndapatsa a Estele, kuti mwana wawo akadzaphunzira adzawawerengere chimene anagonera. Enawo ndingakuuzeni amene anandikomera ine, koma kumeneko ndi kusankha kwa mwamuna, ndiponso mlendo. Musabweze ndi nandolo. Mukawerenga, kapezeni mnzanu mukangane naye.

Malemu asiya mwana mmodzi, Morris, amene lamya yathu mwina sinamupeze. Asiya ine mlongo wawo. Asiya adzukulu a kwa amalume, ndi a Jailos, amene mwambo wosudzula ukawamasula ku ukwati umene anadzimasula okha.

M'malo mwa banja ndithokoze a Estele, amene anawasambitsa, kuwatembenuza ndi kuwamwetsa phala miyezi yonseyi osatopa. Pa ife tonse, mbale weniweni anali iwo. Ndithokoze amayi a Mvano amene anagona pano, adzukulu okumba manda, anyamata a pa Chambe amene atsika ndi matabwa a bokosi la maliro, mafumu potipatsa malo, ndi Mayi Rosie, amene atamva uthenga anyamuka ku Zomba ndipo afika m'mawa uno atanyamula buku lija sanabweze.

Achemwali anga Eneles, mwana wa a Isake, Mulungu amene anakupatsani mutu umenewo akulandireni, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.

Pa Luchenza paja anati ndikadzabwera adzandiuza limene lanena zoona ndi limene lanama. Ndinabwera, ndinakhala pakhonde. Sanandiuze.