Mapiritsi Amene Bambo Ankasungira Sabata Yoyezedwa

Malemu anabadwa pa 9 Ogasiti 1967, achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Sukulu anaisiyira panjira, nayamba kutsuka malole pagalaja. Mu 1989 anawapatsa chiwongolero, ndipo mu 1992 anakwatira mayi athuwa. Ife tonse tinakulira chiwongolero chimenecho.

Mu 2016, pa kuyezedwa kwa madalaivala kwa chaka ndi chaka, anamwino anawapeza ndi BP yokwera. Anawayezanso sabata yotsatira, osatsika. Adokotala anawapatsa mapiritsi omwa tsiku lililonse moyo wonse, nawauza kuti achepetse mchere.

Mapiritsiwo anali okodzetsa. Munthu wonyamula katundu wa eni sangamaime pa mtengo uliwonse. Ndiye anzawo anawaphunzitsa nzeru: kumwa sabata yokhayo yokayezedwa, nambala itsike, chidindo chigwe, kenako botolo pansi pa mpando. Akanawauza adokotala vuto lawo, akanawayesera mtundu wina. Sananene. Poti mutu sunkawapweteka, ankati ali bwinobwino. Komatu BP sichita odi.

Pa 3 Juni chaka chino anagwa pakhonde akumanga nsapato, mbali ya kumanja itauma, mawu atatsekeka. Anatisiya pa 11 Juni kuchipatala.

Manong'onong'o a kuseri kwa nyumbaku ndawamva, oti pali munthu amene anawachita chipongwe. Palibe. Botolo ndinalipeza ndine pokatenga zovala zawo m'lole, lodzaza mpaka kukhosi. Akuluakulu ena anandipempha kuti zimenezi ndisanene pamaliro. Pepani, ndanena.

Ndanena chifukwa cha mlongo wanga wamng'ono, wakhala pafupi ndi bokosiyu. Chaka chatha naye anayamba kuyendetsa, naye anamupeza ndi BP, ndipo inu madalaivala nzeru ija mwamuphunzitsa kale. Mkazi wake ndi woyembekezera. Makiyi a lole imene amayendetsa ali m'chikwama changa. Abwana ake, ndakuonani mwabwera, zikomo. Makiyiwo mudzawalandira iye akabwerako kuchipatala ndi mankhwala oti angathe kumwa ali paulendo. Wofuna kukwiya akwiye, ine munthu wachiwiri sindisambitsanso.

Malemu asiya mayi athu, ana anayi ndi zidzukulu zitatu. Tikuthokoza anamwino amene ankawatembenuza pabedi, amayi amene mwakhala nafe chiyambire, ndi inu madalaivala amene mwatinyamulira bokosi. Tikukuthokozani ndi mtima wonse, koma mukayezetse.

Bambo, usani mumtendere. Mwana wanuyu sitikutumizirani msanga.