Chinangwa Chomata Dothi

Pamzere wodikira basi, mayi wina wachikulire anali atakumbatira thumba la chinangwa. Chikada asanafike nacho kumsika, thukuta lake lonse lapita pachabe. Bambo wajekete kumbuyo kwake anasuzumira m'thumbamo.

"Munakumba liti, amayi?"

"Dzana."

"Ndiye chada kale m'kati."

"Samalani pakamwa, bambo, mungandilodzere katundu."

"Si ufiti ayi, n'chibadwa. Chikangovulala pokumba chimayamba mizere yakuda. Chimatengera kumtundu, ngati mwana ndi mphuno ya atate ake. Ofufuza akusaka mtundu wochedwa kuda. Ukapezeka, mudzazule wanuwo."

"Ndizule mbewu ya malemu mayi anga? Njala ikabwera mudzandidyetsa ndinu? Ine ndimadula mitengo yake milungu iwiri ndisanakumbe, mabala onse ndimamata dothi lonyowa. Anzanu ofufuzawo amatero?"

"Chibadwa sichimva dothi, amayi."

Mayiyo anasolola chimodzi nachithyola pabondo. Chinali choyera kuti mbee!

"Mwaona? Tsopano tafunani chonse, pompano. Mwachivulazitsa ndinu, sichifika mawa."