Mkazi Wovala Toga

Kwathu kuno, kumene nkhosa zimachuluka kuposa anthu, aliyense ankadziwa kuti mpanda wa a Lorraine, mayi wamasiye wa kutsidya kwa msewu, sumatha kukonzedwa. A Merv Tregear, mphunzitsi wa mbiri yakale wopuma pantchito, ankapita kukaukonza sabata iliyonse n'kubwerako ndevu zili ndi nyenyeswa za masikono. Ndi iwo okha amene ankaganiza kuti akazi awo, a Glenys, sakudziwa kanthu.

A Glenys anali atangomaliza kulemba buku la nthano ya ku Roma wakale. Lisanapite kosindikiza analipereka kwa amuna awo kuti aone ngati muli zosemphana ndi mbiri. M'mawa wina a Merv anatulukira pakhonde, mapepala m'khwapa, bulangete paphewa, n'kupeza akazi awo akusenda mbatatesi.

Anayamba ndi zing'onozing'ono. Anati Aroma analibe mabatani, zovala zawo zinalibe matumba, ndipo tomato anali asanamuonepo. A Glenys anavomera zonse osadzutsa mutu. Mabatani achoke, tomato achoke.

"Koma chachikulu ndi ichi, mayi. Sestia uyu mwamuveka toga."

"Ndamuveka."

"Toga ndi ya amuna."

"Iyeyo yamukhala bwino."

A Merv anapukusa mutu n'kudzikulunga bulangete lija kuti aonetse. Anafotokoza moleza mtima, ngati ali m'kalasi, kuti toga chinali chinsalu chaubweya chotalika ngati khondelo, chopanda chomangira, moti dzanja lamanzere linkangokhalira kuchichirikiza. Mkazi waulemu wake ankavala sitola, diresi lofika m'mapazi. Poloza mapaziwo bulangete linagwa, galu n'kugonapo.

"Simukundimvetsa," anatero, akutsitsa mawu ngati pali ana. "Ku Roma mkazi wovala toga anali hule, kapena amene khoti lamupeza ndi mlandu wa chigololo. Chinali chizindikiro choti aliyense aone."

"Aliyense?"

"Mzinda wonse."

"Ndiye isiyeni momwemo."

A Merv anaganiza kuti ndi liuma la alembi basi. Anawachenjeza kuti pali anthu ena opanda chochita amene amawerenga mabuku otere pensulo ili m'manja, ndipo adzawaseka mpaka kumzinda waukulu wa Melbourne. A Glenys anati anthu oterowo amawadziwa, mmodzi akhala akumuphikira zaka zambiri.

"Ine ndikungokuthandizani, mayi."

"Mumathandiza, bambo. Mbiri yanu yothandiza yafika patali."

A Merv anathokoza, n'kutsegula tsamba lina. Anayamikira kuti tsitsi lofiira la Sestia linali lolondola, poti akazi a ku Roma ankadayadi tsitsi. Timikate timene ankapatsa mwamuna womukonzera linga analibe nato mlandu, bola tisakhale ndi shuga, tikhale ndi uchi. Koma mwamunayo, mphunzitsi wokalamba wadazi, anawakayikitsa. Anati munthu wophunzira chotero sakanakhala wopusa mpaka kuganiza kuti mkazi wake sakuona.

"Mukuti n'zosatheka?"

"Owerenga sangakhulupirire."

"Ena akhulupirira kale. Ndinawawerengerako amayi a ku tchalitchi."

"Anati chiyani?"

"Anangoyang'anana."

A Merv anati ndi mmene amachitira anthu osadziwa mbiri. Ananyambita chala, n'kupitirira, kenako anaima n'kugogoda papepala.

"Apanso mwalakwitsa. Mwalemba kuti Sestia ali ndi kachipsera paphewa lamanzere. Kali kumanja."

Mpeni unaleka kusenda. Kukhola kunalira nkhosa imodzi, inzake n'kuyankha.

"Kumanja," anatero a Glenys pang'onopang'ono. "Mwaziwerenga m'buku liti zimenezo, aphunzitsi?"

A Merv anayang'ana galu, galu anayang'ana kumbali. Anayamba kufotokoza kuti akazi ambiri a ku Roma ankakhala ndi zipsera kumanja chifukwa cha mapini omangira zovala, koma mawu anawathera pakati, poti bodza la mbiri linali lisanatulukepo pakamwa pawo. A Glenys anatenga pensulo m'thumba la malaya a amuna awo, n'kufufuta "lamanzere", n'kulemba "lamanja", n'kuibwezera m'thumba momwemo.

"Zikomo. Tsono mundithandize mutu womaliza. Mkaziyo tamuveka toga. Nanga mwamunayo lamulo linkamutani?"

Munthu wina akanakhala chete. Koma a Merv funso la mbiri sankatha kulisiya lopanda yankho, monga mmene ena satha kudutsa geti lotsegula osalitseka.

"Ankamulanda theka la chuma chake," anatero motsitsa.

"Theka la nkhosa, theka la munda."

"Ngati anali nazo, inde."

"Basi?"

"N'kumuponya pachilumba."

"Limodzi ndi mkaziyo?"

"Ayi. Zilumba zosiyana."

A Glenys anagwedeza mutu mokhutira ngati munthu amene wapeza ulusi wofanana ndi nsalu yake. A Merv anasonkhanitsa mapepala aja, n'kuwalinganiza pabondo, n'kuwalinganizanso. Anatsokomola. Kenako ananena, mwaulemu kwambiri, kuti ataganizira bwino, buku la nthano si buku la kusukulu. Mlembi ali ndi ufulu wopeka. Mabatani aja akhoza kubwerera, tomato nayenso, ndipo palibe angadandaule ngati mphunzitsi wokalambayo atakhululukidwa pamapeto.

"Ndi nthano chabe, mayi. Sikuti zonse zizitsata mbiri."

A Glenys anatola mbatatesi ina n'kuyamba kuisenda.

"Ayi, bambo, ine zolakwika m'buku langa sindifuna. Sitima ya ku chilumba cha Tasmania inyamuka Lachisanu."