Bulogu ya Tisiyenji ilowa gulu liti?

Pa siteji ya Namitete minibasi inkachedwa kudzaza. Tisiyenji, mayi wolima fodya pa esiteti, ankalimbana ndi foni yake yosweka galasi, mpaka bambo wina wachilendo amene anakhala naye pafupi anasuzumira.

"Kodi yavuta netiweki, mayi?"

"Ayi bambo. Ndikulembetsa bulogu yanga, tsamba langa la pa intaneti, ku mpikisano, ndipo akutseka lero. Koma akuti ndisankhe gulu limodzi: zaulimi, zophikaphika kapena zaumoyo."

"Nanga inu mumalembapo zotani?"

"Dzulo ndinalemba za kusoka fodya m'chigafa. Dzana ndinalemba za amuna anga, amene amasanza akathyola masamba a mame. Sabata yatha zinali za ndiwo za chisoso."

"Aa, ndiye mwasakanizatu! Ine ndasankha fodya zaka makumi awiri. Belo losakaniza masamba apansi ndi apamwamba amalibweza ku okushoni, eti? Fufutani za abambowo ndi za chisosozo, mulowe zaulimi."

"Ndifufute amuna anga?"

"Nkhani yawo yokha, mayi. Oweruza amafuna zosankhidwa bwino."

"Kodi masamba amene munkasankhawo amathyola ndani? Amuna angawo anadwalira m'munda momwemo. Chisoso tinadyacho chinamera m'mizere yomweyo. Sindichotsapo ngakhale liwu limodzi."

"Ndiye mudina pati?"

"Pa zaulimi pomwepa, ndipo ndadina kale. Akalibweza belo langali, abwere okha kumunda adzandilozere pamene ulimi umathera."