Lipenga Langa Linalira Chifukwa cha Kangaude

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, makamaka inu ana a Folomu 4 amene mukukonzekera mayeso. Ine ndine Yotamu Mwakibinga wa ku Iponga, mphunzitsi wopuma ntchito. Umboni wanga ndi wa mmene ananditsekera m'chitolokosi mayeso anga omaliza atayandikira, pa mlandu woti ndinkaphunzitsa anzanga usilikali. Mlanduwo unali wabodza, ndipo ndikaukumbukira mtima umawirabe. Koma Mulungu ananditulutsa.

Chinali chaka chimene Tanzania inkamenyana ndi Uganda. Nkhondoyo inali kutali, koma ife a m'malire fungo lake linkatifika. Anthu owoloka mtsinje wa Songwe ankabwera ndi nkhani za anyamata otengedwa kupita kunkhondo. M'misewu munadzaza apolisi achilendo ochokera kuchigawo chapakati ndi kummwera, chifukwa boma linkaopa kuti anthu amene anathawira kutsidya apezerapo mpata wolowa. Wofuna kumvera wailesi ya Chiswahili ankaitsitsa mawu ngati waiba.

Ife a Folomu 4 tinalibe nazo ntchito zimenezo. Tinapangana kuti pa mwambo wotsanzikana tidzavine mapenenga, gule wa kwathu amene agogo athu anatengera kwa asilikali akale. Ovina amavala malaya oyera, kabudula woyera ndi masokosi ofika m'mawondo, amaguba pamizere, ndipo amakhala ndi maudindo. Mnzanga Lusekelo anali Kingi, ine ndinali Kaputeni wogwira wezulo. Malipenga tinapanga tokha ndi zikho zazitali. Kunsonga kwa chikho timamatako kansalu koyera kamene kangaude amaphimbira mazira ake pakhoma, ndipo ukamaimbira m'kati, kansaluko ndi kamene kamachititsa kuti lipenga lilire. Chithunzi cha gulu lathu ndikadali nacho, pamodzi ndi ndondomeko ya mwambowo, ndipo amene akukayikira abwere adzaone.

Pofuna kuti a Folomu 3 asationere masitepe athu, tinkakayeserera kuseri kwa minda ya nthochi, kutali ndi sukulu. Kumeneko ndi kumene wapolisi wina wachinyamata, wongofika kumene kuchokera kummwera, anatipeza. Anaona anyamata ali pamizere, ndodo m'manja, wina akuliza wezulo, ena akumuitana kuti Kaputeni. Sanafunse munthu. M'mawa mwake galimoto ya apolisi inafika pasukulu, ndipo ananditulutsa m'kalasi ya Jogalafe, malipenga athu ataponyedwa m'thumba ngati umboni.

Chimene chimandipweteka mpaka lero si wapolisiyo ayi, iye anali mlendo. Chimandipweteka ndi chakuti aliyense pamalopo ankadziwa mapenenga. Ahedi anavinapo ali mnyamata. Wapampando wa chipani m'dera lathu anali ndi ng'oma m'nyumba mwake. Palibe ndi mmodzi yemwe anatsegula pakamwa, chifukwa masiku amenewo woikira kumbuyo munthu womangidwa pa zandale ankamutsatira komweko. Amene analimba mtima ndi Tumpale, mtsikana wa m'kalasi mwathu, yemwe ankabwera ndi mayi anga kudzandipatsa mbalagha, chakudya cha kwathu cha nthochi zophika. Mayi sankaloledwa kulankhula nane. Ankangoima panja n'kumatchula dzina la Kyala, Mulungu pa chilankhulo chathu, mokweza kuti ndimve.

Pondifunsa mafunso ndinalongosola kuti ndi gule chabe. Wapolisi uja anatulutsa lipenga limodzi n'kunena kuti, “Ngati ndi choimbira, liza timve.” Ndinaimbira m'kati, koma munangotuluka mawu anga osasa. Ndinatenga lina, chimodzimodzi. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti tinsalu tonse anatiboola ndi waya pofufuza ngati tinabisamo uthenga. Anandiseka, ndipo anandiuza kuti kukubwera bwana wamkulu wofufuza zandale amene adzanditenge kupita kummwera. Tonse tinkadziwa kuti opita ulendo umenewo sabwera msanga, ena sabwera n'komwe.

Abale, ndinataya mtima. Anzanga ankabwereza maphunziro, ine ndili pasimenti kuyang'ana khoma lakuda lodzaza ndi akangaude. Ndinaganiza za ng'ombe imene bambo anagulitsa kuti ndiphunzire. Pemphero langa silinali lokongola. Ndinati, “Ambuye, anthu onse odziwa choona atseka pakamwa. Nditumizireni mmodzi yekha wosaopa.”

Bwana uja anafika masana, munthu wamtali, wa imvi m'mbali, wosamwetulira. Anandiitanitsa, n'kukhuthulira thumba lija patebulo. Anatola lipenga langa, n'kulitembenuza, n'kuyang'ana kunsonga kwake nthawi yaitali.

“Waboola ichi ndani?” anafunsa.

“Ndine, bwana,” anayankha wapolisi uja. “Timafufuza.”

“Umafufuza chiyani, mazira a kangaude?”

Kenaka anatembenukira kwa ine. “Iwe Kaputeni, kumene ukugonako akangaude aliko?”

“Ambiri, bwana.”

Anadzuka yekha, n'kulowa m'chitolokosi muja, n'kumatula kansalu koyera pakhoma lomwe lija ndinkaliyang'ana ndikulira. Anakanyowetsa m'mbali ndi malovu n'kukamata pachikho mwaluso la munthu amene anazichitapo kambirimbiri. Ataimbira m'kati, lipenga linalira mpaka amene anali panja anasuzumira pawindo. Nyimboyo sinali ya kwathu. Anatiuza kuti kwawo ndi ku Ntchisi, kumene gule wotere amamutcha mganda, ndipo iye anakula akuliza badza, lomwe ndi lipenga lomweli.

“Tayamba sitepe tione,” anatero.

Ndinavina, abale, wopanda nsapato, iye akundiimbira. Atasiya anapukusa mutu. “Ngati asilikali a zigawenga ndi amenewa, dziko lili pamtendere. Mwendo wamanzere ukuchedwa. Pita ukalembe mayeso.”

Kapepala konditulutsa ndinakasunga. Analembapo dzina langa molakwika, Mwakabinga, ndipo palibe anapepesa, ngakhale ahedi amene anandilandira ngati ndinangopita kuchipatala. Zimenezo ndinazisiya m'manja mwa Mulungu, ngakhale sindinaziiwale. Lusekelo ndi Tumpale anandibwereka makope awo, ndipo kalasi yonse inkasinthana kundifotokozera zimene zinandipita. Mayeso ndinalemba, ndinakhoza, ndipo ndinaphunzitsa ana a anthu mpaka tsitsi kuyera. Pa mwambo wotsanzikana tinavina mapenenga pabwalo la sukulu, poyera, ndipo mayi anga analowa m'bwalo akulira ndi kufuula kuti, “Ndaga Kyala!” kuthokoza Mulungu.

Dzina la bwana uja sindinalidziwe, ndipo sindinamuonenso. Ine amene ndimasunga pepala lililonse ndilibe ngakhale kachidutswa kokhala ndi dzina lake. Ndinapempha munthu mmodzi wosaopa, ndipo Mulungu anamutenga pakati pa anthu omwe ndinkawaopawo. Chondipulumutsa anali atachiika kale pakhoma la chitolokosi, ine ndikuchiyang'ana osachizindikira.

Choncho inu ana anga, ndi inu nonse amene mwanamiziridwa, amene abale akutembenukirani msana, musaleke kupemphera. Pempherani ngakhale mawu ake atakhala osalongosoka ngati anga aja. Ndikuthokoza Ambuye amene anandisunga, ndipo ulemerero ukhale kwa Iye yekha. Adzukulu anga amadziwa lamulo la m'nyumba mwanga: sesani paliponse, koma kangaude wa pakhoma musiyeni. Ameni.